Akochi a pa thiraki aja: miyezi inayi, madola 80, nayi nkhani yake

Anthu angapo mwakhala mukundifunsa kuti akochi a zothamanga ndinalowa nawo aja ndi abwino kapena ndikungotaya ndalama, ndiye ndati ndilembe kamodzi m'malo moyankha mmodzimmodzi. Dzina sinditchula, owadziwa mukuwadziwa, abambo aatali achiShona amene amaima pa thiraki Lachiwiri m'mawa ndi mawotchi awiri, ina pa dzanja ina pakhosi, ndipo aliyense wochokera ku Malawi amangomuti "achimwene" olo akhale ndi imvi mutu wonse.

Ine ndili ndi zaka 41, ndimawotcherera zitsulo ku Graniteside, ndimakhala ku Highfield, kuno ku Harare. Marathoni, mpikisano wa makilomita 42 uja, ndinali nditathamanga atatu, maola 3:52, 3:55 ndi 3:49, ndipo onsewo nkhani yake imodzimodzi, mpaka pa 30 km ndili bhobho ndikuwapitirira anthu, kufika pa 33 miyendo ngati wina waithira simenti. Ndimaganiza kuti vuto ndi ulesi ndiye ndimangowonjezera moto, tsiku lililonse kuthamanga ngati andikhwirizira agalu. Chaka chino ndinati ndiyeseko kulipira munthu, cholinga chinali 3:30 ku Victoria Falls mu July.

Mtengo ndi $20 pa mwezi, pa EcoCash (ndalama za pa foni) kapena pamanja. Umalandira pulogalamu ya sabata iliyonse pa WhatsApp, Lachiwiri tireningi ya liwiro pa thiraki iwo ali pomwepo, Lamlungu ulendo wautali wa gulu lonse, kawirikawiri cha ku msewu wa Domboshava, galimoto yawo ikutsatira ndi zigubu za madzi. Basi ndi zomwezo.

Choyamba chimene anandichita ndi kundichotsa liwiro, ndipo ndinakwiya zenizeni. Anayang'ana zimene wotchi yanga inalemba mwezi wathunthu nkunena kuti achimwene inu simuthamanga pang'onopang'ono komanso simuthamanga mwaliwiro, masiku onse muli pakatikati pomwe pamangotopetsa. Zinali zoona, ndimangozungulira pa mphindi 5:15 pa kilomita kaya ndi Lolemba kaya ndi Lachisanu. Lamulo lawo ndi lakuti pa maulendo asanu alionse anayi akhale ofewa moti ukhoza kucheza ndi mnzako osadula mawu, kwa ine zimenezo zinatanthauza 6:10. Aise 6:10 imachititsa manyazi. Tsiku lina cha ku Machipisa kamwana ka sukulu kali ndi chikwama kumsana kanandipitirira kakuthamangira kombi, amayi ogulitsa tomato pamsewu aja nkuyamba kundiombera m'manja monyoza, ndinangoyang'ana pansi. Koma patatha masabata atatu ndinazindikira kuti Lachiwiri ndikumafika pa thiraki miyendo ili yopepuka, chinthu chimene chinali chisanachitikepo.

Pa thiraki ndi pamene ndalama yako umaiona ikugwira ntchito. Timayamba 5:30, ndipo June wa kuno mukumudziwa, udzu uli mbee ndi chisanu, mpweya ukutuluka m'kamwa ngati utsi, zala osazimva. Kutenthetsa thupi mphindi 15 kenako nkhani ya tsikulo, mwina ma 800 (mamita 800 mwaliwiro, kupuma, kubwereza) asanu ndi limodzi, mwina ma 1000 asanu, nthawi zina ma 400 khumi ndi awiri. Ine ma 1000 anandiikira 4:20, kupumira pakati mphindi ziwiri ukuthamanga kandakanda osaima. Tsiku loyamba ndinafuna kuonetsa kuti kwathu ku Mulanje timakwera phiri, loyamba ndinagwetsa 3:58, sananene kanthu anangolemba m'kabuku. La nambala 4 ndinabwera 4:41 malovu ali chuchuchu. Anandionetsa kabuku kaja nkuti loyamba ndi lomaliza zizifanana, ngati lomaliza lachedwa ndiye kuti loyamba munaba. Kuyambira pamenepo ukathamangitsa loyamba amakuimitsa pomwepo nkukubweza pa mzere, alibe nazo kuti ndiwe bwana ku ntchito kwako. Lachinayi lililonse kumakhala tempo, kuthamanga molimbako osaima, mphindi 20 mpaka 30 pa 4:45, imeneyo umapanga wekha kwanu.

China chimene ndinawakondera, amadziwa kuti Harare ili pamwamba, pafupifupi mamita 1,500 kuchokera pa nyanja, ndiye sangotenga manambala a pa intaneti nkukupatsa. Panali mnyamata wina wangobwera kumene kuchokera ku Nsanje, kotsika kuja, masabata awiri oyamba anamuletsa liwiro ndipo atayamba amamupatsa nthawi yopumira yotalikirapo. Mnyamatayo amadandaula kuti akumupeputsa, pano ndi amene akutitsogolera tonse.

Tsono za makilomita, apa ndi pamene ndili ndi madandaulo. Ndinayambira pa 45 km pa sabata, amawonjezera pang'onopang'ono, masabata atatu kukwera sabata yachinayi kutsika kuti thupi lipume, mpaka tinafika 75. Papepala zilibe vuto. Koma pulogalamu ija inalembedwera munthu wokhala pa mpando mu ofesi. Ine ndimaima maola 9 mu jombo zachitsulo kumapazi, kunyamula ma geti, kugwada kudzuka, ndiye 70 km yanga si yofanana ndi 70 ya munthu wa ku banki. Sabata ya khumi mtsempha wa kuseri kwa chidendene unayamba kukoka, m'mawa kutsika pa bedi ngati nkhalamba. Ndinalemba meseji Lachitatu, anaiwerenga, ndinaona kuti aiwerenga, yankho linabwera Lachisanu usiku, mawu atatu oti ikani ayezi mupume. Ayezi wake uti magetsi atazima kuyambira m'mawa? Ndinachita kudzichotsera ndekha maulendo awiri nkumaviika phazi mu ndowa ya madzi a pa mjigo. Ndiye tsiku lina pulogalamu inabwera pamwamba pali dzina la munthu wina, kuiwala kufufuta, apo ndinadziwa kuti tonse a 3:30 tikudya mbale imodzi. Anthu achuluka m'gulu muja, opitirira 30, munthu mmodzi sangawaone onse, koma $20 amalandira kwa aliyense.

Komanso amagulitsa ma gel, timapaketi ta shuga todya uli pa liwiro, ndipo Lamlungu lililonse amawalalikira. Ine maulendo ambiri ndimanyamula nthochi ziwiri ndi kambatata kophika, zimandikwana. Ndisaname, pa mpikisano weniweni ma gel ndi osavuta kunyamula ndipo ndinagula anayi nditayesa kaye awiri pa tireningi, koma kumuuza munthu wolandira za pa sabata kuti azidya gel ulendo uliwonse ndi kusaganizira matumba a anthu.

Nanga bwanji sindinawasiye? Chifukwa cha masabata atatu omaliza aja, amene amati taper. Kale ine sabata imodzi mpikisano usanachitike ndimapita 30 km kuti nditsimikize kuti ndakonzeka, kumeneko ndimati kulimba mtima. Iwo ulendo wautali womaliza, 32 km, anauika masabata atatu tsiku lisanafike, kenako makilomita anatsika kuchoka 75 kubwera 55, kenako 40, sabata yomaliza 20 yokha. Koma liwiro sanachotse, ndipo apa ndi pamene ambiri timalakwitsa poganiza kuti taper ndi kugona. Lachiwiri timapitabe pa thiraki, kungoti m'malo mwa ma 1000 asanu timapanga atatu pa liwiro lomwe lija, sabata yomaliza makilomita atatu okha pa 4:58 yomwe ndi pesi ya 3:30, kuti miyendo isaiwale. Kufotokoza kwawo kunali kwakuti tireningi yolimba imene wapanga lero phindu lake limabwera patapita masiku khumi kapena kuposa, koma kutopa kwake kumabwera lero lomwe, ndiye chilichonse cholemera chimene ungapange sabata yomaliza ukanyamula kutopa kokhako kupita nako pa mzere. Minofu imafunanso nthawi yoti idzadze shuga wake wosungidwa uja amati glycogen, amene akatha ndi pamene umagunda khoma pa 30 ndi chakuti paja. Masiku atatu omaliza anati sadza, mpunga, mbatata, osachulutsa nyemba ndi masamba. Nsima kundiuza kawiri? Ayi.

Chimene sanandichenjeze mokwanira ndi misala imabwera m'mutu. Sabata yachiwiri ya taper bondo limene silinandipwetekepo linayamba kulankhula, ndimadzimva kunenepa, tulo osabwera, mayi a kunyumba anafunsa kuti kodi bambo a Chisomo zothamanga zija mwasiya, popeza 6 koloko m'mawa ndinali ndikadali m'bulangete. Loweruka lina kutatsala masiku 8 ndinalephera kupirira, ndinavala nsapato mwakachetechete nkupita 18 km, ndinathamangitsanso. Kuiwala kuti wotchi imatumiza yokha pa Strava, app imene anthu amaonerapo zimene wathamanga. Munthu amene amatenga masiku awiri kuyankha meseji uja anaimba foni ndisanavule ndi sokosi zomwe. Anandikalipira m'ChiShona chozama moti theka ndinangomva mkwiyo wokha, kenako anasintha sabata yonse yotsalayo, kundichotsera tsiku limodzi lathunthu. Anawonjezera nkhani ya Stephen Muzhingi, paja samaliza tsiku osamutchula, kuti munthu anawina Comrades, mpikisano wautali kuposa marathoni wa ku South Africa, katatu motsatizana, 2009, 2010 ndi 2011, mukuganiza kuti amafika ku Durban atatopa kale? Ndinangoti pepani akochi.

Ulendo wa ku Victoria Falls ndi wautali, makilomita opitirira 800 kudzera ku Bulawayo. Iwo anati tifike kutatsala masiku awiri kuti miyendo iwongoke, ine ntchito inandilola kunyamuka Lachisanu usiku basi, ndinatsika basi mapazi atatupa ngati mabanzi. Limenelo si vuto lawo. M'mawa wa mpikisano powoloka pa mlatho uja nkhungu ya mathithi ikuoneka pambali, ndinamva miyendo ikufuna kuuluka ndipo ndinakumbukira kabuku kaja, ndinadzigwira pa 5:00. Pa 21 km ndinali pa 1:45 ndendende. Pa 30 bwinobwino. Pa 33 pamene ndimafera nthawi zonse ndinadikira simenti ija, sinabwere, ndinapitirira anthu amene anandisiya koyambirira ena akuyenda manja m'chiuno. Inadzandipeza pa 37, dzuwa litakwera ndipo kumeneko kumatentha kuposa kuno, chidendene chija nacho chinadzuka. Makilomita asanu omaliza ndinakwawa, kumaliza 3:38.

Ndiye 3:30 sinatheke, koma mphindi 11 zinachoka pa nthawi imene inandikanika zaka zitatu. Ndikaganiza mofatsa, zambiri mwa mphindi zimenezo zinachokera pa masiku amene anandiletsa kuthamanga, osati amene anandithamangitsa. Ndipo ndikukhulupirira kuti akanamva msanga za chidendene chija nkunditsitsira pa 65 km, mwina zina zitatu zinayi zikanachokanso.

Ngati mwangoyamba kumene, simunamalizepo ndi 10 km yomwe, sungani ndalama yanu mugule nsapato zabwino, gulu lija likupwetekani chifukwa palibe amene akhale nanu pansi. Ngati mwathamanga kale marathoni awiri atatu ndipo nthawi yanu yaima malo amodzi ngati yanga ija, pitani, koma tsiku loyamba lomwe muwauze maso ndi maso ntchito imene mumagwira, ndipo chikakupwetekani musalembe meseji, adikireni pa thiraki. Ine ndalipiranso mwezi uno, jombo zanga za ku ntchito ndinapita nazo Lachiwiri lapitali kuti azinyamule okha amve kulemera kwake, anaseka koma pulogalamu ya sabata ino yabwera ndi dzina langa ndipo Lachisanu alembapo kupuma.