Seva ya sitolo ku Mangochi: zomwe PHP ndi MariaDB zationetsa patapita miyezi

Seva yomwe ndinaikira sitolo ya achimwene anga pano pa boma yadutsa m'nyengo yotentha, yadutsanso m'dzinja, ndipo tsopano ndingathe kunena za khalidwe lake mosakayika. Ndi kompyuta yakale ya mu ofesi yokhala ndi RAM ya 4GB. Ndinaikamo Ubuntu Server 22.04 pamodzi ndi Apache (yotumiza masamba ku browser), PHP 8.1 (yoyendetsa pulogalamu ya sitoloyo) ndi MariaDB 10.6 (database yosunga zolembedwa zonse), zomwe zimapezeka kale m'nkhokwe ya Ubuntu yomweyo. Sitoloyi imagulitsa maukonde, zingwe, mbedza, penti ndi simenti, ndipo ili ndi nthambi ku Monkey Bay. Kale pulogalamu yolembera katundu, malisiti ndi ngongole inkayenda pa XAMPP, phukusi loika Apache, PHP ndi database pakamodzi, mu laputopu ya pakauntala, moti laputopuyo ikangotuluka m'sitolo aliyense ankabwerera ku kope ndi bolopeni. Posamuka ndinawatsimikizira achimwene kuti seva yokhazikika idzaposa laputopu. Mawu amenewo sindikuwabweza, ndipo wina atandipatsa ntchito ngati yomweyi ndingasankhenso zomwezi.

Koma mavuto akhalapo, ndipo akalaliki onse amawatchula dzina limodzi: "system yagwa". Ukafunsa anzathu opanga mapulogalamu, ambiri amathamangira kunena kuti uikenso driver, kachidutswa kolumikiza PHP ndi database. Chomwe ndaona ine n'chakuti driver anativuta poyamba pokha. Zina zonse zinali zokhudza njira yomwe PHP imafikira ku database, ndipo uthenga womwe umatulukawo umanena chomwe chavuta, bola munthu auwerenge mpaka kumapeto pamodzi ndi nambala yake.

Vuto la driver lenileni limadziwika ndi mawu oti "could not find driver". PDO, chida cha PHP chofikira ku database, payokha silankhula ndi database iliyonse. Imafuna pdo_mysql kuti ilankhule ndi MySQL kapena MariaDB, ndipo pa Ubuntu imeneyi imabwera mu php8.1-mysql. Chomwe chimasokoneza anthu n'chakuti mukhoza kulemba php -m pa terminal (polembera malamulo a kompyuta) n'kuona pdo_mysql ilipo, koma browser n'kumakanabe. PHP ya pa terminal ndi ya Apache zili ndi mafoda osiyana mu /etc/php/8.1/, wina cli wina apache2, ndipo Apache saona chatsopano mpaka mutamuyambitsanso. Ngati mu kompyuta muli ma PHP awiri, terminal ikhoza kumagwiritsa ntchito ina, Apache ina. Katsamba ka phpinfo(), komwe kamaonetsa zomwe PHP ya Apache ili nazo, kamathetsa mkangano m'kanthawi kochepa, kungoti musaiwale kukafufuta mukatha.

Chinatidyera nthawi ndi mbali yakale ya pulogalamuyo yomwe inkagwiritsabe ntchito mysql_connect, njira yakale yolumikizira PHP ku database. Imeneyi inachotsedwa mu PHP 7.0 mu 2015, ndiye mu PHP 8.1 mulibe. Chabwino ndi kulembanso. Ndikulembanso ndi pomwe ndinapeza chinthu chomwe chinkadya ndalama za sitolo mwakachetechete. Kuno mayina okhala ndi kachizindikiro kam'mwamba, monga M'bwana kapena M'madi, ndi ochuluka. Pulogalamu yakale inkangomata dzina la kasitomala mkati mwa SQL, chiganizo chofunsira database, ndiye kachizindikiroko kankadula chiganizo pakati, database n'kukana ndi nambala 1064. Akalaliki anali atazolowera: dzina likakanidwa, ankalilemba popanda kachizindikiro, wina Mbwana, wina M bwana. Msodzi mmodzi ndinamupeza ali ndi mabuku angapo a ngongole, ukonde uli uku, zingwe uko, ndipo palibe yemwe ankadziwa ngongole yake yonse. Ma prepared statement a PDO, omwe amatumiza dzina padera ndi chiganizo cha SQL, anathetsa zimenezi, n'kutsekanso khomo lomwe wakuba akanalowera. Kuphatikiza mabukuwo kunafuna kuti achemwali a pakauntala akhale pambali panga, chifukwa iwo ndi amene amadziwa kuti uyu ndi uja ndi munthu mmodzi.

Zing'onozing'ono zina zinatha msanga. Pamwamba pa lisiti pankatuluka "MalaÅµi" m'malo mwa Malaŵi, chifukwa matebulo akale anali a latin1, momwe mulibe chilembo cha ŵ. Tinakonza zolembedwa zakalezo n'kuika charset=utf8mb4 pa mzere wolumikizira. Nthawi ya pa malisiti inkatsalira ndi maola 2 mpaka titaika date.timezone kukhala Africa/Blantyre. Pulogalamu inkalowanso ngati root, user wamkulu wa database, wopanda pasiwedi monga zimakhalira pa XAMPP, ndipo MariaDB inakana ndi nambala 1698, poti pano root amalowa kudzera pa unix_socket. Musalimbane nazo. Pangani user wa pulogalamuyo, wokhala ndi mphamvu pa database yake yokha. Anzanga omwe ali pa MySQL 8.0 koma PHP yawo ndi yakale kuposa 7.4 amakumana ndi china chofananako, "The server requested authentication method unknown to the client", chomwe gwero lake ndi caching_sha2_password. Mankhwala ake abwino ndi kukweza PHP.

Nkhani yaikulu kuno ndi magetsi. Akazima mwadzidzidzi n'kuyakanso, seva imadzuka yokha chifukwa ndinaikonza choncho mu BIOS. Apache amadzuka mwachangu. MariaDB imayamba yawerenga redo log, kaundula wa zosintha zaposachedwa wa InnoDB (njira yake yosungira matebulo), kuti imalize zomwe zinali zitatsimikizidwa, n'kubweza zomwe zinadukira panjira. Nthawi imeneyo wina akatsegula tsamba amaona "SQLSTATE[HY000] [2002] No such file or directory". Uthenga umenewu wasocheretsa anthu ambiri, chifukwa munthu amaganiza kuti fayilo ina ya pulogalamu yasowa. Fayilo yomwe ikunenedwayo ndi socket, /run/mysqld/mysqld.sock, khomo lomwe PHP ndi database zimalankhulirana mkati mwa seva, ndipo imakhalapo pokhapokha MariaDB ikamayenda. Mukalemba localhost, PHP imadzera pa socket imeneyi. Mukalemba 127.0.0.1 imadzera pa port 3306, ndipo database ikakhala chigonere mumaona "Connection refused". Mawu ndi osiyana koma nkhani ndi imodzi: database sinadzuke, kapena socket ili pamalo ena osiyana ndi pomwe PHP ikuyang'ana. Kuikanso driver pamenepa kuli ngati kusintha ukonde pamene bwato ndi lomwe likulowa madzi. Lembani systemctl status mariadb, kenako journalctl -u mariadb, muwerenge mizere yomalizira.

Choopsa si uthengawo ayi, koma dzanja la munthu. Kasitomala waima pakauntala, galimoto ya ku Makanjira ikumudikira panja, kalaliki waona zofiira pa sikirini, ndiye amathamangira kukazimitsa seva n'kuiyatsanso pomwe database ili mkati modzikonza. Sindiwaimba mlandu, mzere ukatalika mutu umatentha. Ndinasintha tsamba la vuto kuti lizilankhula Chichewa: "Dikirani pang'ono, musazimitse kompyuta. Zikapitirira, imbani foni ndipo mutchule nambala iyi." Pansi pake pamatuluka nambala ya vutolo basi. Tsopano foni ikalira ndimamva "bambo, akuti 2002", ndipo ndisananyamuke ndimadziwa koyambira. Uthenga wonse wa Chingerezi umapita mu log, display_errors ndinaitseka, popeza mauthenga amenewa amaulula dzina la user ndi komwe kuli mafayilo. Kumbukiraninso kuti kuyambira PHP 8.0 PDO imaponya exception (chizindikiro choimitsa pulogalamu) pakalakwika, ndipo mysqli, chida china chofikira ku database, inayamba kutero mu 8.1. Mavuto ena omwe amaoneka atsopano mukasamuka analipo kale, kungoti pulogalamu yakale inkawameza.

Matebulo omwe tinabwera nawo anali a MyISAM, njira yakale yosungira matebulo. InnoDB ndiyo yakhala yosankhidwa yokha kuyambira MySQL 5.5, koma dump, fayilo yokopera database, imanyamula mtundu wa tebulo momwe unalili. Magetsi atazima pakati pa kulemba, tebulo la malisiti linatuluka ndi "is marked as crashed and should be repaired". Titasandutsa onse ndi ALTER TABLE kukhala a InnoDB sitinaonenso tebulo lowonongeka, ngakhale magetsi azima kambirimbiri chichokereni nthawi imeneyo. Pa ichi chokha MariaDB ndimaipatsa ulemu. Ena amalangiza kutsitsa innodb_flush_log_at_trx_commit kuchoka pa 1 kuti zinthu zizithamanga. Kuno musayerekeze. Liwiro lomwe mungapeze silingafanane ndi lisiti la simenti lomwe kasitomala ali nalo m'manja koma m'kompyuta mulibe.

UPS, kachipangizo ka batire kogwirizira seva magetsi akazima, ndi yomwe yandikhumudwitsa. Ndinailumikiza ndi chingwe cha USB, n'kuika Network UPS Tools kuti batire ikatsala pang'ono seva izizima mwaulemu, ndipo mbali imeneyo imagwira bwino. Koma kutentha kwa Okutobala ndi Novembala kuno si kwa masewera, ndipo batire zotere sizichedwa kutopa zikamapsa. Poyamba seva inali m'chipinda chosungiramo katundu, pansi pa malata, moyandikana ndi matumba a simenti. Nditaitsegula, fani inali yotuwa, fumbi litaundana pakati pa mapiko ake moti ndinachita kukolopola ndi kaburashi. Tinaisamutsira ku ofesi, pashelefu, pomwe mphepo imadutsa. Batire ya UPS tinagula ina, ndipo ndawauza achimwene kuti aziiwerengera pa ndalama zoyendetsera sitolo, asamaione ngati ngozi.

Nthambi ya ku Monkey Bay ndiyo inatiphunzitsa zambiri. Intaneti ya pa rauta ya foni sipereka IP yoti anthu akunja angakupezereni, ndiye tinabwereka kaseva kakang'ono ka pa intaneti n'kulumikiza mbali zonse ziwiri ndi WireGuard, yomwe imapanga VPN, njira yachinsinsi yodzera pa intaneti. Poyesa koyamba laputopu ya kunthambi inali ndi PHP yakeyake, n'kumafunsa database ya ku boma kudzera mu VPN. Zinatheka titasintha bind-address, yomwe pa Ubuntu imabwera ili 127.0.0.1, n'kuika skip-name-resolve kuti seva isamachedwe kufufuza dzina la yemwe akugogoda. Koma tsamba limodzi limafunsa database mafunso ambiri, ndipo funso lililonse limapita n'kubwera palokha. Netiweki ikafooka madzulo, tsamba limodzi linkakwawa, ndipo ikaduka pakati pankabwera 2013, "Lost connection", kapena 2006, "MySQL server has gone away". Palibe chomwe mungasinthe mu my.cnf choti chikonze netiweki ya m'mbali mwa nyanja. Tinazisiya. Pano kunthambi kuli browser yokha, PHP ndi database zimakhalira limodzi pa seva n'kumalankhulana pa socket, ndipo port 3306 ndi yotseka kwa aliyense. Malonda aliwonse amalembedwa mu transaction imodzi (zonse zilembedwe kapena pasalembedwe chilichonse), kuti netiweki ikaduka katundu asachotsedwe popanda lisiti. Fomu iliyonse ili ndi nambala yakeyake yomwe database siilandira kawiri, chifukwa tsamba likachedwa kalaliki amadinanso, ndipo ndi chibadwa.

Nambala 2006 inabweranso mwa njira ina. Pali kapulogalamu kokumbutsa anthu ngongole pa SMS, komwe kankatsegula kulumikizana n'kukhala chete usiku wonse. MariaDB imadula aliyense yemwe wakhala chete kupitirira wait_timeout, yomwe ndi masekondi 28800, kapena kuti maola 8. M'mawa kapulogalamuko kankapeza njira yatsekedwa. Sindinakweze nambalayo. Ndinakapereka kwa cron, yoyendetsa ntchito pa nthawi yoikika, kuti kazidzuka pa nthawi yake, kalumikizane, kagwire ntchito, katseke. Nambala yomweyo imatulukanso mukamabwezeretsa dump yokhala ndi zithunzi zikuluzikulu zoposa max_allowed_packet, yomwe pa MariaDB 10.6 ndi 16MB, choncho musaganize kuti 2006 ndi netiweki nthawi zonse. Za "Too many connections" sitinazionepo. Malire ake ndi 151, ndipo sitolo ya makompyuta ochepa siyandikira n'komwe, makamaka ngati simukugwiritsa ntchito persistent connections.

Madzulo aliwonse mysqldump yokhala ndi --single-transaction imakopera zonse, kopi ina pa fulashi, ina pa kaseva ka pa intaneti kaja. Nthawi ndi nthawi ndimabwezeretsa kopi imodzi pa laputopu yanga n'kuyerekeza ngongole zonse ndi zomwe zili pa seva, chifukwa fayilo yosayesedwa sindiikhulupirira.

Ndani angatsatire njira imeneyi? Sitolo, sukulu, loji kapena gulu la asodzi lomwe lili ndi munthu mmodzi wosaopa terminal, ndipo likufuna kuti ntchito ya pakauntala isaime intaneti ikaduka. Ngati munthu woteroyo palibe pafupi, ndi bwino kulipira hosting (malo pa seva ya kampani ina pa intaneti) n'kuvomereza kuti netiweki ikapita mudzalemba m'kope.

Chomwe chatsala kutsogolo ndi kukweza. Thandizo la nthawi zonse la Ubuntu 22.04 likutha mu Epulo 2027, ndipo Ubuntu 24.04 imabwera ndi PHP 8.3 ndi MariaDB 10.11. Pamenepo "could not find driver" akhoza kubweranso ngati php8.3-mysql sanaikidwe, kapena Apache akadagwirabe PHP yakale. Ndidzayamba ndayesa pa kompyuta ina ndi kopi ya database, ndipo kusamuka kwenikweni tagwirizana ndi achimwene kuti kudzachitike kumapeto kwa chaka, nyanja ikatsekedwa kuti nsomba ziswane, pomwe ogula maukonde amachepa.