Masikuluu a 8 x 1½ ndi a 4 x 40: kusiyana kwake

Mukapita kukagula masikuluu kumsika wa Kamwala ku Lusaka, mupeza mapaketi olembedwa mitundu iwiri, ndipo akalipentala ambiri achinyamata amasokonezeka nawo.

Paketi yolembedwa 4 x 40 ndi ya mamilimita. Nambala yoyamba ndi kunenepa kwa sikuluu, yachiwiri ndi kutalika kwake. Mutha kuyeza ndi tepi n'kutsimikiza pomwepo.

Ya 8 x 1½ ndi kalembedwe kakale ka mainchi, komwe madala a ku Kalingalinga anakulira nako. Apa 8 si muyezo, ndi nambala ya geji chabe, yosonyeza kunenepa kwa sikuluu: 6 ndi pafupifupi mamilimita 3.5, 8 ndi 4.2, 10 ndi 4.8. Nambala ikakwera, sikuluu imanenepa. Inchi imodzi ndi mamilimita 25.4, choncho 1½, komwe ndi kutalika kwa sikuluuyo m'mainchi, ndi mamilimita 38. Masikuluu awiriwa ndi pachibale ndithu.

Ine ndimakonda ya mamilimita, chifukwa mabiti a dirilo omwe ndili nawo ndi a mamilimita. Pa thabwa la mukwa muyenera kuyamba mwaboola kabowo kochepera sikuluuyo, apo ayi mutu umaduka kapena thabwa limang'aluka. Zinandichitikira pa mwendo wa tebulo, mpaka mtima unawawa.

Kumbukiraninso kuti sikuluu ya mutu wolowa m'thabwa imayezedwa pamodzi ndi mutuwo, pomwe ya mutu wozungulira imayezedwa kuyambira pansi pa mutu.