Mwana wa tenisi: akademe kapena yunivesite?

Mwana akayamba kuvutitsa akuluakulu pabwalo la tenisi ku Blantyre Sports Club, kholo limagwira njakata: apite ku akademe msanga, kapena adikire yunivesite?

Carlos Alcaraz wa ku Spain adalowa akademe ya Juan Carlos Ferrero, katswiri wakale wa tenisi, ali ndi zaka 15, ndipo mu 2022 adatenga chikho cha US Open ali ndi zaka 19 zokha. Njirayi ndi yachangu, koma imadya ndalama: kochi, ndege, mahotela, osanena za zingwe za raketi zomwe zimaduka pafupipafupi.

Ben Shelton adadzera ku University of Florida. Adakhala katswiri wa NCAA, mpikisano wa mayunivesite a ku America, mu 2022, chaka chotsatira n'kufika mu semifainolo ya US Open. Ine wa ku Chilomoni ndingasankhe iyi, chifukwa sikolashipu ikapezeka, fizi sikhalanso pamutu panga.