Ndodo ya pool ya phingo: madala amadziwa ntchito, vuto ndi mnyamata wa pakauntala

Ndapereka nyenyezi zitatu mwa zisanu kwa shopu yopanga ndodo za pool. Ziwiri zinazo zapita chifukwa cha mnyamata amene amalandira makasitomala pashopu imeneyi.

Ndinaodetsa ndodo ya zigawo ziwiri, kutsogolo mtengo wa maple wochokera kunja, chigwiriro cha phingo ndi mlombwa. Pamtengo wogulira sachotsako olo mutanenerera. Inafika mvula itangotha, yowongoka bwino, yolemera ma ounce 19 monga ndinapemphera. Dzuwa la mu Okutobala litafika, chigwiriro chinapindika, phingo uja n'kung'aluka pafupi ndi polumikizira. Ndikaigudubuza patebulo, nsonga inkachita kudumpha.

Nditabwerera nayo, mnyamatayo sanaigwire n'komwe. Maso ali pafoni, akuti, "Akulu, tebulo lanu ndi lopendekeka." Ndinamuonetsa mng'aluwo. Akuti ndinaisiya m'galimoto padzuwa. Galimoto ndilibe! Kenako akuti phingoyo anamunyika mu utomoni wolimbitsa matabwa, choncho sangang'aluke. Apa m'pamene mtima unandipsa, chifukwa limeneli ndi bodza loonekeratu. Utomoni umenewo amaulowetsa ndi makina okoka mpweya m'mitengo yofewa kapena yamibowomibowo. Phingo ndi wothinana komanso wamafuta, mpaka amamira m'madzi. Utomoni ulowera pati? Munthu wapereka ndalama zake, iwe n'kumamuyankha ngati mwana?

Mwamwayi madala eni shopu anatulukira. Iwo anaitenga, n'kuigudubuza kamodzi kokha, n'kunena kuti, "Pepani achimwene, mtengo uwu unasemedwa usanaume." Anandilowetsa kuseri kumene amaumitsira mitengo. Chidutswa chilichonse n'chomatidwa phula kumapeto konse kuti chisaume mofulumira n'kung'aluka, ndipo amachiyeza pasikelo mpaka chitasiya kupepuka. Ali ndi kachipangizo koyezera chinyontho, amafuna chitsike kufika pa 6 mpaka 8 peresenti. Posema sachita tsiku limodzi: amachotsako pang'ono, n'kuchipachika milungu ingapo kuti ngati chili chopindika chipindikiretu, kenako n'kubwerezanso. Changa chija anachidumphitsa zonsezi chifukwa maoda anachuluka, ndipo anavomera okha osabisa.

Anandipangira chigwiriro china kwaulere. Ulendo uno anaboola phingo pakati n'kulowetsamo mtima wa maple wouma, motero kulemera kunatsika ndipo sichikusunthanso. Mlombwa anauchulutsa, poti mtengo umenewu ukauma bwino suvuta kaya kuli dzuwa kaya mvula. Ndinadikira nthawi yaitali, koma chapirira mvula yonse ndi dzuwa lomwe, chikadali chowongoka, ndipo mpira woyera ndikuumva bwino m'dzanja ndikamenya.

Mnyamata uja mpaka lero sanapepese, ndipo akadali pompo. Mukapita, funsani madalawo, ndipo musapereke dipoziti musanaone ndi maso anu mtengo umene akuti akusemereni.