Berklee kapena Juilliard? Zimene mayina a opata mphoto akutiuza ife oimba

Loweruka lina titaweruka ku kwaya, mnyamata amene amatiimbira kiyibodi anatsalira pamene anzake ankakulunga zingwe za masipika. Anandipatsa foni yake yong'aluka pakona nati, "Aphunzitsi, taonani apa. Onsewa anaphunzira sukulu imodzi, ndipo onse ali ndi Grammy. Ine ndikufuna kumeneku." Unali mndandanda wa oimba amene anadutsa pa Berklee College of Music, sukulu ya nyimbo ya ku America, n'kupata Grammy, mphoto yaikulu ya oimba kumeneko. Mnyamatayu amangomva nyimbo kamodzi, kachiwiri zala zake zayamba kale kuitsata, choncho sindinafune kumuyankha mwachisawawa. Ndinamuuza kuti, "Mphwanga, mayina okha asakunyamule. Tiye tione kuti anthuwa analowa ali otani, anatuluka liti, ndipo anatenga chiyani." Zimene tinakambirana tsikulo ndi masiku otsatira ndi zimene ndikugawana nanu pano, anzanga oimba, makamaka inu amene mayina awiri awa, Berklee ndi Juilliard, amakusowetsani tulo.

Sukulu ziwirizi zinabadwa mosiyana, ndipo kusiyanako kukuonekabe mpaka lero. Juilliard ili ku New York. Inayamba mu 1905 ndi dzina loti Institute of Musical Art, ndipo woyambitsa wake, Frank Damrosch, ankafuna kuti ana a ku America asamachite kuwoloka nyanja kupita ku Ulaya kuti akaphunzire nyimbo za classical. Dzina la Juilliard linabwera pambuyo pake, kuchokera kwa Augustus Juilliard, mkulu wochita malonda a nsalu amene anamwalira mu 1919 n'kusiya chuma chake kuti chitukule maimbidwe. Berklee ili ku Boston, ndipo ndi yaing'ono pa msinkhu. Lawrence Berk anaitsegula mu 1945 ikutchedwa Schillinger House, ndipo iye ankaphunzitsa nyimbo zimene anthu ankavina nthawi imeneyo, jazi ndi zamabandi a pawailesi, zimene sukulu zaulemu wake zinkazinyoza. Ambiri mwa ophunzira oyamba anali anthu oimba kale m'mabandi komanso asilikali obwera ku nkhondo yachiwiri.

Tsono tiyeni ku mayina. Dzina limene Berklee imanyadira kwambiri ndi Quincy Jones, amene anapata ma Grammy 28 ndipo ndiye anakonza chimbale cha Michael Jackson cha mu 1982 chotchedwa Thriller. Koma Jones sanamalize maphunziro ake. Analowa mu 1951, ndipo pasanapite nthawi yaitali Lionel Hampton anamuitana kuti akaimbe lipenga m'bandi yake, iye n'kunyamula chikwama ulendo. Kuzama kwake pa kaikidwe ka zida zambiri pamodzi anakakuwonjezera ku Paris kwa mayi Nadia Boulanger. John Mayer, wagitala wa ma Grammy 7, anakhala pa Berklee chaka chimodzi chokha n'kupita ku Atlanta kukaimba m'malo achisangalalo.

Musaganize kuti zimenezi n'za Berklee yokha. Miles Davis anafika ku Juilliard mu 1944 ali ndi zaka 18, koma mtima wake unali kwa Charlie Parker, katswiri wa jazi amene ankaimba usiku m'makalabu a ku Harlem ndi mu 52nd Street. Chaka chotsatira anasiya sukulu. Nthawi imeneyo Juilliard sinkaphunzitsa jazi n'komwe. Inadzayamba mu 2001. Nina Simone anakhalako miyezi yowerengeka mu 1950 pokonzekera mayeso olowera ku Curtis Institute ku Philadelphia, kumene anamukana, ndipo bala limenelo anakhala nalo moyo wake wonse. Onsewa sukulu zawo zimawatchula monyadira, ndipo sizikunama, chifukwa anakhaladi m'makalasi awo. Koma mwana wa kuno amene akuwerenga mndandandawo ayenera kudziwa kuti mayina ena akuluakulu amenewa anangodutsa, ndipo chimene anapindula nacho kwambiri ndi mzinda ndi anthu amene anakumana nawo.

Nkhani imene imandithandiza kuona kusiyana kwa sukulu ziwirizi ndi ya ana a bambo mmodzi, a ku New Orleans, a banja la Marsalis. Mkulu, Branford, woimba saxophone, anapita ku Berklee. Mng'ono wake Wynton, woimba lipenga, analowa ku Juilliard mu 1979. Onse awiri anakakumananso m'bandi ya Art Blakey. Branford anayenda njira yotakata: jazi, kenaka kuimba ndi Sting, kenaka kutsogolera bandi ya pulogalamu ya usiku pa wailesi yakanema. Wynton anachita chinthu chimene munthu anali asanachitepo. Mu 1984 analandira Grammy ya jazi ndi Grammy ya classical usiku umodzi, chaka chotsatira n'kubwerezanso. Mu 1997 anakhala woimba jazi woyamba kulandira mphoto ya Pulitzer ya nyimbo. Magazi amodzi, luso lofanana, koma wina anatuluka wotha kulowa nyumba iliyonse, wina anatuluka wozama pa chida chake mpaka pansi penipeni. Sindikunena kuti sukulu ndi zimene zinawaumba choncho, koma aliyense anasankha sukulu yofanana ndi mtima wake.

Nanga amene anamalizadi? Apa ndi pamene ndimafuna tikhalitse, chifukwa awa ndiwo akuonetsa ntchito yeniyeni ya sukulu. Ku Berklee kuli Esperanza Spalding wa ku Portland, woimba besi uku akuimbanso ndi mawu. Anamaliza mu 2005, ndipo sukuluyo inamulemba ntchito yophunzitsa ali ndi zaka 20 zokha. Mu 2011 anapata Grammy ya woimba watsopano wopambana, kugonjetsa Justin Bieber ndi Drake, ndipo anali woimba jazi woyamba kutenga mphoto imeneyo. Kuli Arooj Aftab, amene mu 2022 anakhala munthu woyamba wa ku Pakistan kulandira Grammy, akuimba m'chiyankhulo cha kwawo cha Urdu. Kuli Juan Luis Guerra wa ku Dominican Republic, amene anabwerera kwawo n'kukakweza bachata ndi merengue, magule a kwawo. Ndiye pali gulu lina limene nkhope zawo sitizidziwa koma ntchito yawo timaimva tsiku ndi tsiku: opeka nyimbo za m'mafilimu monga Howard Shore, wa ma Oscar atatu (mphoto za mafilimu), ndi Ramin Djawadi, wa ma Emmy (mphoto za pa wailesi yakanema), komanso akatswiri a mu situdiyo amene amajambula ndi kusakaniza mawu. Gawo lalikulu ndithu la mphoto zimene Berklee imawerenga n'la anthu otere, okhala kumbuyo kwa galasi la situdiyo. Ndinamuuza mnyamata uja kuti aganizirepo bwino pamenepa, chifukwa iyenso amakonda kukhala pa kompyuta kukonza nyimbo za anzake kuposa kuima kutsogolo.

Ku Juilliard mayina ndi a mtundu wina. Van Cliburn, woimba piyano, anapambana mpikisano woyamba wa Tchaikovsky ku Moscow mu 1958, pamene America ndi Soviet Union sankamwerana madzi. Leontyne Price, mayi wachikuda wa ku Mississippi, anaima pa Metropolitan Opera mu 1961 n'kutsegulira njira akuda ambiri oimba opera. Itzhak Perlman wa vayolini, Renée Fleming, komanso Audra McDonald amene ali ndi mphoto 6 za zisudzo zotchedwa Tony, onse ndi a kumeneko. John Williams, wa ma Oscar asanu, anaphunzirako piyano. Wa masiku ano ndi Jon Batiste wa ku Louisiana, amene anatenga madigiri awiri a jazi pa Juilliard, n'kulandira Oscar mu 2021 ndi ma Grammy asanu mu 2022. Batiste akuonetsa kuti khomo la Juilliard latakasuka, komabe mukawaona bwino anthu a mndandanda umenewu, pafupifupi onse anayamba ali aang'ono kwambiri, ali ndi mphunzitsi pambali ndi pepala la manotsi patsogolo. M'mera m'poyamba. Juilliard siyambitsa munthu. Imatenga wopsa kale n'kumunola.

Izi zikuonekanso pa chiwerengero. Juilliard ili ndi ophunzira osafika 1,000, kuphatikizapo a zovina ndi a zisudzo, ndipo mwa anthu khumi ofunsira malo amatenga mmodzi kapena kuchepera apo. Berklee ili ndi ophunzira masauzande angapo, imalandira pafupifupi theka la ofunsira, ili ndi nthambi ku Valencia m'dziko la Spain komanso maphunziro a pa intaneti. Sukulu yaikulu chotero, yolunjika pa nyimbo zimene Grammy imapereka mphoto zambiri, n'zosadabwitsa kuti mndandanda wake ndi wautali. Woimba vayolini amene wapeza mpando mu okestra yaikulu wapambana koopsa, koma dzina lake simudzalimva usiku wa Grammy. Pa ndalama palibe yopepuka: konse kuwiri fizi yokha imapitirira madola 40,000 pachaka, osawerengera pogona ndi chakudya, ndipo Boston ndi New York ndi mizinda yodula. Kwa ambiri a ife njira ndi imodzi basi, sikolashipi.

Kwa ine, mayina ofunika kwambiri pa mndandanda wa Berklee ndi awiri a ku Africa kuno. Mulatu Astatke wa ku Ethiopia anatumizidwa ku Britain kukaphunzira za uinjiniya, koma anakhotera ku nyimbo, ndipo m'zaka za m'ma 1960 anakhala wophunzira woyamba wa ku Africa pa Berklee. Sanakataye za kwawo. Anatenga maimbidwe a manotsi asanu a ku Ethiopia, n'kuwalukanitsa ndi jazi ndi ng'oma za ku Latin America, n'kubwerera nazo ku Addis Ababa. Lero mtundu umenewo ukutchedwa Ethio-jazz, ndipo mu 2012 Berklee inamupatsa digiri yaulemu. Winayo ndi Lionel Loueke wa ku Benin, amene anayamba gitala ali ndi zaka 17, mochedwa ndithu kwa munthu wofuna Juilliard. Nsambo zinali zosowa moti nthawi ina anamangirira waya wa buleki ya njinga. Nditamuuza zimenezi mnyamata wathu anaseka mokondwa, chifukwa banjo yake yoyamba, ya chigubu cha mafuta, inalinso ndi waya womwewo. Loueke anadutsa ku Abidjan ndi ku Paris asanapeze sikolashipi ya Berklee mu 1999, ndipo pambuyo pake anakhala wagitala wa Herbie Hancock, n'kuimba nawo m'chimbale chimene chinatenga Grammy ya chimbale cha chaka mu 2008. Loueke anakula akuimba ndi khutu monga timachitira ife, ndipo sukulu zimene anadutsamo zinamupatsa mawu ofotokozera ndi kulembera zimene ankazimva kale.

Pali njira yachitatu imene timaiiwala chifukwa ili pafupi. South African College of Music, ya pa University of Cape Town, inayamba mu 1910, ndipo oimba opera ake agwedeza dziko. Pretty Yende wa ku Piet Retief anakulira m'nyimbo za kutchalitchi, ndipo anamva opera koyamba ali ndi zaka 16 pa uthenga wamalonda wa pa wailesi yakanema. Anapambana mpikisano wa oimba opera wa Operalia mu 2011, ndipo mu 2023 anaimba pa mwambo wolonga ufumu Charles III ku London. Levy Sekgapane anatenganso Operalia mu 2017. Golda Schultz anayambira ku Cape Town komweko kenaka n'kulowa ku Juilliard, kusonyeza kuti khomo lopapatiza lija limatseguka kwa amene wadutsa kaye pa mphunzitsi wabwino kufupi ndi kwawo. Ku mbali ya jazi, Jimmy Dludlu ndi Judith Sephuma ndi ana a sukulu yomweyi. Mwana wa mawu okoma wa m'makwaya athu a CCAP kapena a Katolika, amene amawerenga kale do re mi pa bolodi, ine ndingamulozere kumeneku ndisanamutchulire New York.

Ndiye ndikafunsidwa maganizo anga sindizungulira. Ngati unayamba vayolini, piyano kapena mawu a opera uli mwana, umawerenga manotsi a pa mizere isanu ngati nyuzipepala, ndipo ukufuna moyo wonse ukhale pa chida chimodzicho, Juilliard ndiyo yako, ndipo palibe chifukwa choiopera. Ngati unakulira m'bandi ya kutchalitchi kapena ya paukwati, umagwira nyimbo ndi khutu, umapeka zako, umakonda situdiyo, Berklee ndi imene ikuyankhula chiyankhulo chako. Pa mayeso awo olowera amakupempha uimbe nyimbo imene wakonzekera, amakuyesa khutu pokuimbira kachidutswa kuti ubwereze, amakupatsa mpata wopeka pomwepo, ndipo amakuikiranso pepala la manotsi kuti uwerenge.

Pepala limenelo ndi limene linamukhazika chete mnyamata wathu. Zitatu zoyambazo akhoza kuzichita ali m'tulo, koma mizere isanu ija anali asanaiyang'anepo. Ndinamuuza za Music Crossroads ku Lilongwe, kumene achinyamata amaphunzira zimenezi mwadongosolo, ndipo akuganiza zokafunsira malo chaka chamawa. Pakadali pano timakumana Lachiwiri lililonse madzulo m'kachipinda ka kumbuyo kwa tchalitchi. Ndinajambula mizere pa katoni ndi makala, ndipo sabata yatha anawerenga nyimbo yonse ya dzanja lamanja osayang'ana zala zake. Lachiwiri likubwerali tiyamba manotsi a dzanja lamanzere.