Galimoto, minibasi, kabaza kapena njinga: wopita ku ntchito mu Lilongwe asankhe chiti?

Ndimakhala ku Area 25 ndipo ntchito ndimagwira ku City Centre, mtunda wa makilomita pafupifupi 12. Njira zonse zinayizi ndayendapo, osati kwa tsiku limodzi koma kwa miyezi. Chimene chidandikweza pa njinga koyamba ndi mizere ya mafuta ya mu 2022, nditagona m'galimoto pamalo omwetsera mafuta usiku wonse, kutacha n'kutiuza kuti petulo watha. Nkhani ya utsi ndidaiganizira pambuyo pake, koma ndi imene yandichititsa kusaisiya njingayo ngakhale masiku amene mafuta alipo.

Tiyambe ndi galimoto, poti ndiyo aliyense amailota. Kavitz kanga, m'mawa magalimoto akathithikana pa M1 kuchokera ku Kanengo mpaka ku Area 18, kamamwa lita imodzi pa makilomita 12 alionse. Kupita ndi kubwera ndi malita awiri. Lita imodzi ya petulo ikapsa imatulutsa mpweya wa kaboni wolemera makilogalamu 2.3, pomwe ya dizilo imatulutsa pafupifupi 2.7. Poyamba sindinkamvetsa, chifukwa litayo payokha sikwana n'komwe kilogalamu imodzi. Chimene chimachitika n'chakuti kaboni wa m'mafutamo akamapsa amagwirana ndi mpweya umene injini yakoka kunja, ndiye chotuluka ku ekizozi chimalemera kuposa chimene munathira m'thanki. Tsono werengerani nane: makilogalamu 4.6 pa tsiku, masiku 22 ogwira ntchito, zikukwana makilogalamu 100 pa mwezi. Amenewo ndi matumba awiri a chimanga, amene ndinkawaponya m'mwamba mwezi ndi mwezi, munthu mmodzi ndekha m'galimoto ya mipando isanu.

Ndipo galimoto imawononga kwambiri pa maulendo ngati athuwa, aafupi, injini isanatenthe bwino, kuima ndi kunyamuka, kuima ndi kunyamuka. Mukaima pa mzere injini ikulira, mafuta akupsa koma simukusuntha. Mafutawo si athu, amabwera kudzera ku Beira, Nacala ndi Dar es Salaam, ogulidwa ndi ndalama zakunja zomwe dziko likuzisowa. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, a MERA, bungwe loyang'anira za mafuta, adakweza mitengo masiku omwewo, ndipo tonse tidaimva m'thumba. Ubwino wa galimoto sindiukana. Mumafika malaya ali oyera, ana mumawatula ku sukulu, mvula ikamakhuthuka mu January inu muli phee, ndipo mukaweruka usiku simuda nkhawa.

Minibasi pa nkhani ya utsi ili bwino kuposa mmene anthu amaiganizira. Inde zambiri n'zakale ndipo zimafuka, koma utsiwo mukugawana anthu khumi ndi angapo, kotero gawo la munthu mmodzi limachepa kwambiri poyerekeza ndi la ine ndili ndekha m'galimoto. Vuto lake ndi nthawi. Kudikira kuti idzaze, kuima pa siteji iliyonse, kondakitala kukangana ndi wina za chenje, ndipo mafuta akasowa mtengo umakwera tsiku lomwelo. Komanso minibasi zambiri zimathera ku depoti ku Old Town, ndiye wopita ku City Centre kapena ku Capital Hill nthawi zina amakwera ziwiri kapena kumalizitsa wapansi.

Kabaza wa njinga yamoto ndi wachangu, amamwa mafuta ochepa, amakutulani pakhomo penipeni. Koma ine ndimamukwera pokhapokha ndachedwa kwambiri. Ambiri alibe chisoti cha wokwera, ndipo kuzemba pakati pa magalimoto kumene kumawapatsa changuko ndi komwenso kumathyola anthu miyendo.

Tsopano njinga yakapalasa. Ndimanyamuka 6 koloko isanakwane kwenikweni, ndipo ndimafika m'mphindi 45 kapena 50. Pa galimoto msewu ukakhala woyera ndi mphindi 20, koma woyera m'mawa umakhala liti? Masiku ambiri kusiyana kwake kumakhala kochepa, ndipo chokoma cha njinga n'chakuti nthawi yake sisintha: kaya kwachitika ngozi, kaya mzere wa mafuta watseka theka la msewu, ine ndimadziwa ola lofikira. Lilongwe adatikomera mtima pa malo. Si Blantyre wa zitunda kapena Zomba wa m'tsinde mwa phiri. Zokwera zilipo, makamaka potuluka m'makhwawa a mitsinje monga Lingadzi, koma n'zoti munthu wamba atazolowera milungu iwiri amazikwera osatsika.

Utsi palibe. Mtengo wake ndi wogula kamodzi, kenako zing'onozing'ono: chubu, mabuleki, girizi, tcheni ikatha. Wokonza njinga simumusaka, ali pansi pa mtengo pafupifupi msika uliwonse, ndi pampu yake, beseni la madzi lofufuzira pamene chubu chabooka, ndi masipoko omangidwa ndi mphira. Tsiku lina tayala lidaphwa ndili pafupi ndi Area 18. Ndidaikankha pang'ono, bambo wina adachotsa chubu, kuchimiza m'madzi mpaka tithovu tidatuluka, kupala ndi kamwala, kumata, kupopa, ndipo m'mphindi khumi ndidali pa msewu, nditalipira ndalama yosakwana ya minibasi ulendo umodzi.

Mtundu wa njinga nawonso ndi nkhani. Zakuda zija zolimba za keliyala, monga Buffalo, sizifa msanga ndipo zipangizo zake zimapezeka, koma n'zolemera ndipo zambiri zilibe magiya. Za magiya zakaunjika n'zopepuka, pa makilomita 12 mawondo amathokoza, koma yang'anitsitsani mano a kumbuyo ndi tcheni musanapereke ndalama, chifukwa zina zimabwera zitatheratu. Ine ndidasankha ya magiya n'kuikitsa keliyala ndi madigadi.

Koma walira mvula walira matope, ndipo sindikufuna wina agule njinga chifukwa cha ine n'kukaiona zina. Choopsa chachikulu ndi msewu. Malo ambiri m'mbali mwa phula mudadyeka, kotero wapanjinga amasankha pakati pa dzenje ndi lole yochokera ku Kanengo. Madalaivala ena amaona ngati wapanjinga ndi woti apatuke basi akamva hutala. Ndimavala chisoti, chovala chowala, nyali yofiira kumbuyo ndi yoyera kutsogolo, ndipo pamene pali kanjira kafumbi kodutsa m'kati mwa malokeshoni ndimasankha komweko ngakhale kakutalikitse. Mu June ndi July dzuwa limalowa msanga, ndiye ndimayesetsa kuti mdima usandipeze pa M1. Mu August ndi September ndi fumbi ndi mphepo, mu October ndi thukuta. Malaya a ku ofesi ndimapinda m'chikwama, ndipo ndikafika ndimadzipukuta ndi kathaulo n'kusintha. Chinanso chimene anthu satchula ndi manyazi. Kuno munthu wa tayi akakwera njinga amati zamuvuta, wagulitsa galimoto. Zidandipweteka mwezi woyamba, sindinama.

Wina adandifunsa kuti, kodi utsi wa Malawi ndi wochuluka bwanji poyerekeza ndi wa maiko olemera? Ndi wochepa zedi, zimenezo n'zoona, ndipo mlandu waukulu wa kusintha kwa nyengo suli pa ife. Koma ndife amene tidaona namondwe Ana akuwononga Kapichira mu January 2022 mpaka dziko kukhala mumdima, ndi Freddy akukokolola anthu ku Chilobwe mu March 2023. Munthu amene waona zimenezo sangamauze ena kuti achepetse utsi iye akuwotcha malita awiri tsiku lililonse pa ulendo woti miyendo yake ingathe. Ndipo utsi wa pa msewu, usanakafike kumwambako, umayamba wadutsa m'mapapo mwa mayi wogulitsa nthochi m'mbali mwa msewu ndi mwana ali kumsana.

Ndiye ine ndidagawa chonchi. Masiku atatu kapena anayi pa sabata ndimapalasa. Tsiku la msonkhano wa kutali kapena la mvula yamphamvu ndimatenga galimoto, ndipo ndimanyamula anzanga awiri a mu 25 momwemo, tikusonkherana za mafuta. Amene mumakhala ku Area 47, 49 kapena 18 n'kumagwira ntchito ku City Centre, mtunda wanu ndi waufupi kuposa wanga, njinga ikukuyenerani koposa. A ku Area 23, Kawale ndi Chilinde opita ku Old Town chimodzimodzi. Koma wa ku Lumbadzi kapena ku Mitundu, kapena amene amaweruka usiku, minibasi kapena kukwera limodzi ndiye nzeru. Musanayambe, yendani njira yanuyo Lamlungu m'mawa msewu uli wopanda anthu, muone maenje ali pati, ndipo mufunse ku ntchito ngati mlonda angakusungireni njinga pafupi ndi geti. Loko gulani wolimba, womangirira fulemu ku chitsulo, osati tayala lokha.