Draft control pa thirakitala yaing'ono: zomwe ndaona pokumba mbatatesi

Thirakitala yanga ndi ya 35 horsepower, ndipo inabwera ndi liva imodzi yokha yokwezera ndi kutsitsira zida kumbuyo, ija amati position control. Ukaika chida pa msinkhu wakuti, chimakhala pomwepo. Nyengo yolima isanayambe ndinaikitsa draft control, makina omwe amakweza ndi kutsitsa chida okha malinga ndi mmene dothi likulemerera, ndipo pano yatipula, yaunda mizere, yakumba mbatatesi mpaka kukolola kwatha. Ndi chida chabwino, koma amene akuchifuna chifukwa cha mbatatesi adziwiretu kuti sichisunga kuya kwa khasu la chokumbira ayi. Chimaonetsetsa kuti mphamvu yomwe thirakitala ikukokera isasinthe, basi.

Chinandikakamiza ndi munda wanga, womwe uli ndi timaenje ndi tizitunda. Thirakitala yaifupi ikaponya matayala akutsogolo m'kadzenje, kumbuyo kumadzuka, khasu la chokumbira n'kudutsa pakati penipeni pa mbatatesi. Akakwera kachitunda, khasu limamira, injini imabuula, matayala akumbuyo n'kumangopalasa pamalo amodzi. Tsiku lonse dzanja lili pa liva, khosi litapotokera kumbuyo.

Nzeru yothetsera zimenezi ndi yakale. Harry Ferguson, katswiri wa makina wa ku Northern Ireland, anaikonza m'zaka za m'ma 1920, n'kufalikira ndi thirakitala ya Ford 9N ya 1939 komanso ya Ferguson TE20 yomwe inayamba kupangidwa ku Coventry, ku England, mu 1946. Khasu likakumana ndi katundu wolemera pansi, chida chimafuna kugwera kutsogolo, ndiye chimakankha chitsulo chapamwamba cholumikiza chidacho ku thirakitala, chija amati top link. Top link imafinya sipuling'i yolimba kuseri kwa mpando, kusuntha kochepako kumatsegula valavu ya oyilo, mikono iwiri yapansi yonyamula chida n'kudzuka pang'ono. Katundu akapepuka, khasu limabwerera pansi. Ndi momwe wolima ndi ng'ombe amanyamulira zogwirira za pulawo akamva kuti ng'ombe zalemedwa, kungoti apa zimachitika zokha komanso mwachangu kuposa dzanja la munthu.

Kuikitsa kwake ndi ntchito ya makaniko wodziwa, chifukwa amasintha chitsulo chomwe top link imamangidwapo, amaonjezera liva yachiwiri ndi timitsulo tolumikiza ku valavu. Si thirakitala yaing'ono iliyonse yomwe inapangidwa kuti ilandire zimenezi, choncho funsani kaye ngati wopanga anakonzeratu zida za mtundu wanuwo.

Pomwe dothi ndi lofanana kuyambira kumutu mpaka kumapeto kwa mzere, kusintha kwake ndinakuona tsiku loyamba lomwe. Ndinatchera khasu kuti liziyenda pafupifupi masentimita 20 pansi pa nsonga ya mzere, ndipo thirakitala ikamakwera ndi kutsika ndinkaona mikono yapansi ikungogwedezeka pang'onopang'ono, mbatatesi zikutuluka zathunthu pamwamba pa dothi lofewa. Kupalasa kwa matayala kunachepa kwambiri, chifukwa mikono ikamanyamula khasu, kulemera kwa dothi lomwe lili pa khasupo kumatsikira pa matayala akumbuyo n'kuwagwiritsa pansi. Pa thirakitala yopepuka phindu limeneli ndi lalikulu.

Vuto lili pomwe dothi lasintha. Kumutu kwa munda, komwe thirakitala imatembenukira ndipo dothi linapondedwa mpaka kuuma gwa, draft control imamva kulemera n'kuchita ntchito yake: imadzutsa khasu. Mbatatesi zili pomwe zinali, khasu lakwera masentimita angapo, ndiye umaona mzere wa mbatatesi zotemeka, mkati mwake muli mbee. Zimandiwawa, chifukwa mbewu yomwe wasamalira miyezi itatu kapena inayi yaonongeka m'kamphindi, ndipo yotemeka sichedwa kuola ukaisunga. Pamchenga zimachitika mosiyana. Khasu silimva kulemera, limangomira mpaka tcheni cha chokumbira chadzaza dothi, n'kukwiriranso mbatatesi zomwe chakumba.

Za kumira ndinazithetsa ndi liva ya position control, yomwe pa thirakitala yanga imakhala malire: khasu silingatsike kupitirira pomwe ndaika. Za kukwera zinafuna zambiri. Chitsulo chomangirapo top link chili ndi mabowo angapo, ndipo bowo lililonse limasintha mmene sipuling'i imamvera katundu. Ndinasankha bowo lomwe limamva mochedwa, kuti kachibuma kalikonse kasamadzutse khasu. Buku la thirakitala limanena bowo lake, ndipo zimasiyana malinga ndi mtundu, choncho musatengere za mnzanu. Valavu yochepetsa liwiro lotsikira, ija imakhala pansi pa mpando, ndinaitsegulako kuti khasu likadzuka lisamachedwe kubwerera. Ndimayendanso pang'onopang'ono, makilomita 2 kapena 3 pa ola, PTO (shafiti yakumbuyo yoyendetsa chokumbira) ikuzungulira ka 540 pa mphindi. Ukathamanga, mikono imangodumphadumpha.

Komabe chimene chinachepetsa kwambiri zotemeka ndi timatayala tiwiri tomwe ndinamangitsa m'mbali mwa chokumbira, toyenda m'ngalande za mizere. Timeneti ndi tomwe timasungadi kuya, chifukwa timatsata nthaka pomwe pali khasu. M'chigawo cha dothi losakanikirana ndimazimitsa draft control, n'kutsitsiratu mikono kuti chokumbira chiziyenda pa timatayala take. Amene munda wake ndi wosalala ndipo akufuna kukumba mbatatesi zokha, ndingamuuze kuti ayambe ndi timatayala.

Patatha miyezi yonseyi palibe chomwe chathyoka, ndipo oyilo sakudontha. Fumbi limalowa pomwe chitsulo cha top link chimasunthira, ndipo pakauma chimayamba kumva mochedwa kenako n'kudzutsa khasu mwadzidzidzi, choncho ndimatsuka ndi kupaka girizi pafupipafupi. Mapini akayamba kukhwepa asintheni msanga, poti kusuntha komwe sipuling'i imadalira n'kochepa kwambiri ndipo kumathera m'mpata wa piniyo. Poyenda mumsewu ndi chida chonyamula, kapena pomweta udzu, ndimabwerera ku position control.

Nditati ndiyambirenso, ndingaikitsebe, makamaka chifukwa cha pulawo ndi choundira mizere, komwe kusintha pang'ono kwa kuya sikuononga kanthu ndipo thirakitala imakoka osaima. Pokumba mbatatesi ndimaigwiritsa ntchito m'mizere ya dothi lofanana yokha, ndipo ndisanalowe mzere woyamba ndimafukula kaye ndi dzanja phando limodzi kuti ndione pomwe mbatatesi yapansi kwambiri yafika.